Bambo Atsala Kugwira Chingwe

Tadala ndi Mphatso, ana anga, za ukalaliki wanga ku njanji ku Limbe mukuzidziwa, chifukwa ndinkazikamba kawirikawiri mpaka munkatopa nazo. Pano ndilemba za ntchito yanga ya ku London, ndiponso za ulendo wa pa sitima ya pamadzi umene amayi anu, aNambewe, anapita okha. Iwe Tadala unandifunsapo chifukwa chimene sindinapite nao, ine ndinangoti ntchito inachuluka. Silinali bodza, koma sizinali zonse.

2001 mpaka 2003

Ndinafika m'dziko lino mu 2001, kutsatira amayi anu amene anali atabwera kale kudzagwira ntchito ya unamwino pachipatala chachikulu cha ku Romford. Tinapeza nyumba ku Barking chifukwa lendi yake inali yotheka. Ndinali nditapyola zaka makumi asanu. Ku Limbe ndinali ndi tebulo langa ndi chidindo changa, koma kuno satifiketi yanga ya sekondale palibe amene anaiyang'ana kawiri. Ntchito yoyamba inali yokolopa m'nyumba yosungiramo katundu. Yachiwiri inali yokankha odwala pa mabedi a matayala, pachipatala chomwecho cha amayi anu. Tikakumana m'khonde, iwo ali mu yunifolomu, ine ndikukankha bedi, ankapinda maondo pang'ono ndi kundipatsa moni ngati tili kwathu, kenaka n'kunena kuti, "Wodwala uyu wa ku ekisirei, bambo, fulumirani." Anamwino anzao ankaseka. Ine sizinkandipweteka. Ndinasiya ntchitoyo chifukwa mashifiti athu ankagundana, ndipo inu munkabwera kuchokera ku sukulu n'kupeza m'nyumba mulibe munthu.

2003

Ntchito ya padoko la Greenwich anandipezera ndi a Lungu, mnzanga wa ku tchalitchi, wa ku Zambia, munthu wa pakamwa posatseka. Padokopo pamaima maboti onyamula anthu pa mtsinje wa Thames. Ntchito yathu inali kulandira chingwe boti likafika, kuchikoloweka pa chitsulo, kuika kamlatho kotsikirapo, kuona matikiti, ndi kugwira mkono okalamba kuti asaterereke. Boti likamanyamuka, tinkamasula chingwe chija n'kuchiponyera mkati. Kapitawo wathu anali a Terry, mzungu amene anabadwira m'mbali mwa mtsinjewo. Dzina la Chimbalanga linawakanika tsiku loyamba lomwe, ndiye ankangoti Chimba. Sankalankhula zambiri, inenso chimodzimodzi, choncho tinkagwirizana. Iwo ndi amene anandiphunzitsa kuti mtsinje uwu umakwera ndi kutsika tsiku lililonse, ndiponso kuti nthawi zina umayenda chobwerera m'mbuyo. Poyamba ndinkaganiza kuti akundiseka. M'nyengo yozizira kunkasowa magolovesi abwino, zala n'kumauma pa chingwe chonyowa. M'nyengo yotentha kunkasowa anthu: alendo ankadzaza doko, ife tili atatu pamalo ofunika anthu asanu, ndipo tchuthi cha miyezi imeneyo chinkavuta kuposa kukwezedwa malipiro.

M'nyengo yotentha yomweyo kunkabwera sitima zazikulu zoyera, zimene anthu amakwera kuti angoyenda panyanja kuona maiko. Sizinkafika padoko. Zinkaima pakati pa mtsinje, ndipo maboti ang'onoang'ono ndiwo ankatenga anthu padoko pathu kupita nao kumeneko. Ndinanyamula masutikesi a anthu ambiri otere, koma sindinaganizepo kuti zimenezo zingandikhudze.

2005

Tsiku lina amayi anu ali pa ofu anabwera kudzandiona, atanyamula tiyi m'fulasiki. Tinakhala pa benchi nthawi yanga yopuma. Pakati pa mtsinje panali sitima imodzi yoyera, yaitali ngati nyumba zosanjikizana. Anaiyang'ana mpaka tiyi wao anazizira.

"Imeneyi ikupita kuti?" anafunsa.

"Akuti ku Norway. Kuli mapiri otsikira m'madzi."

"Ndiye anthuwo amakachitako chiyani?"

"Palibe. Amadya, amagona, amayang'ana pawindo."

"Bedi amawayalira?"

"Amawayalira."

Kenaka anati, "Abambo a Tadala, ine ndayala mabedi a anthu kuyambira ndili mtsikana. Ndikufuna sabata imodzi yokha munthu wina andiyalire langa. Mapiriwo ndingawaone kapena ayi, zilibe kanthu."

Ananena moseka, koma amayi anu sanali munthu wopempha zinthu. Pa zaka zonse za ukwati wathu, chimenechi ndicho chinthu chokha chimene ndikukumbuka kuti anachifuna cha iwo eni, osati cha inu, cha tchalitchi kapena cha kumudzi. Ndinayamba kutenga mashifiti owonjezera, iwonso chimodzimodzi.

2006

Chaka chimenechi tinkakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu tili m'banja. Tinapita ku shopu ya za maulendo ku Romford n'kulipira ulendo wa ku Norway wa mwezi wa July. Mtsikana wa m'shopumo, amene makolo ake anachokera ku India, anatilangiza kuti tigulenso inshuwalansi, kuti wina akadwala n'kulephera kupita, ndalama zidzabwerere. Ine monga kalaliki wakale ndinawerenga kabuku konse. Analemba kuti amalipira ngati wadwala ndi mwini ulendo kapena wachibale wake wapafupi: kholo, mwana, mchimwene kapena mchemwali. Ndinaganizira za Amayi kumudzi, amene anali atakalamba, ndinaona kuti kholo lilipo pamndandandawo, ndipo mtima unakhala pansi. A Terry anandipatsa tchuthi cha July atang'ung'udza pang'ono. Amayi anu anagula chipewa chachikulu cha dzuwa pa msika wa ku Romford n'kuchiika pamwamba pa wadirobu chili m'pulasitiki mwake.

Apa ndiyenera kukuuzani chinthu chimene mwina simunachimvetse bwino. Agogo anu a ku Ntcheu, a Esinati, amene munkalankhula nao pa foni pa Khirisimasi, sindiwo anandibereka. Amene anandibereka ndi akulu ao, a Rozina, amene anamwalira ine ndikuyamwa. A Esinati ananditenga n'kundiyamwitsa pamodzi ndi mwana wao. Ndinakula ndikuwatcha Amayi, ndipo ana ao ndi abale anga. Palibe amene anabisa zimenezi, koma panalibenso chifukwa chozinenera. Kwathu mng'ono wa amayi ako ndi amayi ako.

Kutatsala masabata awiri kuti tinyamuke, Wyson, mng'ono wanga, mwana wa a Esinati, anaimba foni ndili padoko. Anati Amayi agwa kumunda, mbali imodzi yafa, ndipo mawu sakutuluka bwino. Madokotala anati ndi sitiroko, ndipo sankadziwa ngati adzuka. Nditafika kunyumba ndinapeza amayi anu atamva kale. Anali atachotsa zovala zao m'sutikesi yaikulu n'kuikamo zanga.

"Inu pitani ku Norway," ndinatero. "Tikiti yanu ilipo."

"Apongozi anga ali chigonere, ine ndizikadya nsomba panyanja? Imbani foni kwa a ndege. Inshuwalansi ija tinagulira zomwezi."

A Terry nditawauza anangoti, "Pita, Chimba." Mtsikana wa ku shopu anati popeza nthawi yatha, kampani ya sitima sibweza kanthu, koma ndikabwerako ndi kalata ya dokotala, a inshuwalansi adzalipira. Ndinakhala ku Ntcheu pafupifupi mwezi. Amayi anapulumuka, koma sanayendenso, ndipo mawu ao ankatuluka mokoka. Ndinabwerera ndi kalata ya dokotala, yachidindo chooneka bwino, n'kuitumiza pamodzi ndi fomu.

Patapita masiku, mayi wina wa ku inshuwalansi anaimba foni. Anali waulemu, ndipo anayamba ndi kufunsa za odwala. Anati zonse zili bwino, kungoti dzina la odwala ndi Gomani pamene langa ndi Chimbalanga. Anati si zachilendo, amayi ambiri amakhala ndi dzina lina, akungofuna kutsimikiza kuti ndi amayi anga. Ndikanangoti inde, foni ikanathera pomwepo. Koma ndinazolowera kuti munthu wa mu ofesi akafunsa, umamuuza zonse mwadongosolo. Ndinati inde, ndi amayi anga, amayi aang'ono, ndipo m'Chingerezi ndinati "small mother".

Anaseka mwaulemu. "Ndi aafupi msinkhu?"

"Ayi. Ndi mng'ono wa amayi amene anandibereka."

"Oo," anatero. "Your aunt."

"Ayi, mayi. Aunt kwathu ndi azakhali, mlongo wa bambo. Awa ndi amayi."

Ndinamva kuti wasiya kutaipa. Anati akumvetsa, koma ayenera kufunsa akuluakulu. Yankho linabwera m'kalata. Analemba kuti aunt sali pamndandanda wa achibale apafupi, choncho salipira. Anawonjezera kuti angaganizenso ngati nditatumiza pepala losonyeza kuti odwalawo ndiwo anandibereka, kapena pepala la khoti loti ananditenga kukhala mwana wao. Pepala la khoti ndikanalitenga kuti? Tsiku limene anaika maliro a a Rozina, a Esinati anangondibereka kumbuyo n'kupita nane kunyumba kwao.

A Lungu atamva anagwira kumutu. "Ba mudala, imwe muli na problem. Tsiku lonse simukamba, manje pamene mufunika kukhala zii ndiye mwayamba lecture! Small mother? Bazungu baziba small mother?" Ataseka mokwanira anatsitsa mawu. Anati kwathu anthu a msinkhu wathu alibe satifiketi ya kubadwa, chimene tili nacho ndi khadi la ubatizo, ndipo khadi likhoza kulembedwanso. Ndinafunsa Wyson pa foni, ndipo iye anati n'zosavuta. Mabuku akale a ku tchalitchi anadyedwa ndi chiswe, ndipo anali ndi mnzake amene akanalemba khadi latsopano, pamalo a dzina la mayi n'kuikapo Esinati.

Ndinawauza amayi anu akusita yunifolomu. "Si bodza lenileni," ndinatero. "Anandiyamwitsa ndi iwo, anandilera ndi iwo."

"Ngati si bodza, mukundifunsiranji?"

Sanavomere, sanakane. Anapitiriza kusita. Ine ndinayang'ana chipewa chija pamwamba pa wadirobu, ndipo ndinamuuza Wyson kuti apite kwa mnzakeyo.

Lamlungu lotsatira titaweruka ku tchalitchi ndinaimbanso kuti ndimve za odwala. Wyson anati Amayi akufuna alankhule nane, ndipo anawagwirira foni kukhutu. Anali atawafotokozera nkhaniyo moseka, poganiza kuti asangalala. Mawu ao ankabwera limodzilimodzi, ndipo ndinatseka khutu linalo kuti ndimve.

"Wilifuledi, akuti ukufuna kufufuta akulu anga?"

"Ayi, Amayi. Ndi za mapepala a azungu chabe."

"Manda ao anafafanizika kalekale. Chithunzi chao palibe. Amene ankawadziwa atha, ndatsala ine. Dzina la a Rozina latsala pa kakhadi kako kaja basi. Ine ndinakulera, zandikwanira. Kubereka uwasiyire eni ake."

Sanandikalipire. Atatero anafunsa ngati ana akudya bwino. Nditaika foni pansi ndinakhala pampando osadziwa kolowera. Mbali ina kunali amayi amene nkhope yao sindiidziwa, mbali ina kunali mkazi wanga amene ankaimirira maola khumi ndi awiri pa wodi kuti apeze sabata imodzi ija. Amayi kumudzi sakanadziwa ngati khadi litalembedwa. Koma ine ndikanadziwa, ndipo ndinali nditawayankha kuti ndamva. Ndinamuimbiranso Wyson kuti asiye.

Nditawauza amayi anu, anangoti, "Chabwino." Anakwera pampando, anatsitsa chipewa chija, anachiika m'sutikesi yopanda kanthu, n'kuikankhira pansi pa bedi. Sanaitchulenso nkhaniyo. Akanakalipa, mwina zikanandipepukira.

2007

Ndinapita ku shopu ija kukanena kuti zakanika. Mtsikana uja atamva za amayi aang'ono sanafunse kawiri. Anati kwao nakonso mng'ono wa amayi ali ndi dzina lake, ndipo iyeyo analeredwa ndi wotero. Anati za inshuwalansi sangazithe, koma alembera kampani ya sitima. Analemba kangapo, ndipo pamapeto pake kampaniyo inatipatsa chimene amati kirediti. Si ndalama zoti ungazigwire. Ndi pepala loti ukadzagula ulendo wina ku kampani yomweyo, adzakuchotsera mtengo wakutiwakuti. Yathu inali pafupifupi theka la zimene tinalipira, yogawidwa pa maina athu awiri, ndipo inkatha mphamvu kumapeto kwa nyengo yotentha ya 2008. Kuti tipite awiri tinayenera kupezanso theka linalo.

Tinayesa. Koma Amayi ankafunika mankhwala, njinga ya olumala ndi munthu wowasamala, ndipo iwe Tadala unali utayamba yunivesite. Zimene tinkasunga mwezi uno zinkapita mwezi wamawa. Chaka chimenecho sitima zoyera zinabweranso. Ndinkanyamula masutikesi a eni ake, kuwagwira mkono, kuwafunira ulendo wabwino. Amayi anu anasiya kubwera ndi tiyi padoko. Anati miyendo ikuwawa, ndipo ine sindinafunse zambiri.

2008

Amayi anamwalira mu February. Ndinapita kukaika maliro, ndipo zochepa zimene tinali titasunga zinathera pa ndege ndi pa mwambowo. Nditabwerako ndinaona kuti kirediti ija itha ife tikuiyang'ana.

Mwayi unadzera ku tchalitchi. Mayi Tembo, namwino wa ku Zambia, mnzao wa amayi anu wa m'kwaya, anali atalipira ulendo wa ku Norway ku kampani yomweyo pamodzi ndi mnzao wina, koma mnzaoyo anasintha maganizo. M'chipinda chao cha m'sitima munatsala bedi limodzi. Ndinapita ndekha ku Romford kukafunsa ngati kirediti yanga ndi ya aNambewe zingaphatikizidwe pa dzina limodzi. Mtsikana uja anaimba mafoni, ndipo anati n'zotheka ngati ine nditasaina kuti gawo langa ndalisiya. Zikaphatikizidwa zinkakwana munthu mmodzi. Ndinasaina pomwepo, ndisanawauze amayi anu, chifukwa ndinkadziwa chimene adzanene.

Ananenadi. "Anthu adzati chiyani? Mwamuna wangoika kumene amayi ake, mkazi uyo wapita kokasangalala."

"Anthu adzanena sabata imodzi, kenaka adzapeza nkhani ina."

"Tinagwirizana kuti tipita awiri."

"Awiri zakanika. Mukakana, sipapita aliyense, ndipo mashifiti anu onse aja apita m'madzi. Tsiku lija munandilongedzera sutikesi osandifunsa. Lero ndi ine."

"Ndiye mukundithamangitsa?"

"Ee. Sabata imodzi."

Anagwada, anakoka sutikesi ija pansi pa bedi, n'kuyamba kuipukuta fumbi.

Sitima yao inkanyamukira pa Greenwich pomwepo, mwezi wa July. A Terry anati nditenge ofu tsiku limenelo kuti ndiperekeze mkazi wanga ngati munthu. Ndinakana. Operekeza amathera pa geti, koma wantchito amafika mpaka m'mphepete mwa boti. Choncho ndinavala jekete langa la ntchito n'kuima pamalo anga a masiku onse. Inu awiri munatsalira pa geti paja mukujambula zithunzi. Amayi anu anatsika kamlatho atavala chipewa chija, Mayi Tembo ali pambuyo.

A Lungu anawatsekera njira. "Madam, ticket please. Kuno kulibe vya chibululu, vyakuti ndine m'bale wa uje."

"Chokani apa inu, a Lungu, mungandigwetsere chipewa," anatero amayi anu.

Tikiti yao ndinaiona ndine. Ndinanyamula sutikesi yao n'kuiika m'boti, kenaka ndinawagwira mkono monga ndinkagwirira aliyense. Asanalowe anapinda maondo pang'ono, monga ankachitira m'khonde la chipatala, n'kuti, "Tsalani bwino, bambo." Woyendetsa boti anakweza dzanja. Ndinamasula chingwe pa chitsulo, ndipo a Terry anachita kundikumbutsa kuti ndichiponye. Chipewa chija ndinachiona mpaka chinalowa pa kakhomo ka m'mbali mwa sitima. Madzi atakwera masana, sitimayo inatembenuka pang'onopang'ono n'kukhota pa ngodya ya mtsinje. Nthawi imeneyo n'kuti boti lina la alendo litafika kale, ndipo ndinali ndikuona matikiti.

Anabwerako atanenepa pang'ono. Tili m'sitima ya pamtunda kubwerera ku Barking ndinawafunsa kuti, "Bedi anakuyalirani?"

"Ankayala m'mawa uliwonse. Koma makona sankapinda bwino. Akatuluka ndinkayalula n'kuyalanso ndekha."

"Ndiye ndalama zathu zinapita pachabe."

"Ayi. Ndinkayamba ndakhala pampando n'kumamuonerera mnyamata woyalayo akuvutika nalo. Pamenepo ndiye pankakoma."

Anandiuza za mapiri. Anati ndi aatali kuposa a ku Ntcheu, ndipo madzi amagwa kuchokera pamwamba pake mpaka m'nyanja. Anati pa chakudya chilichonse ankakhala tebulo limodzi ndi mabanja a azungu okalamba, ndipo aliyense ankaona mphete n'kufunsa kuti amuna anu ali kuti. "Ndikanayamba bwanji kuwafotokozera za small mother?" anatero. "Ndinkangowauza kuti bambo atsala kugwira chingwe." Anaseka, kenaka anayang'ana pawindo. "Pamene pankaoneka phiri labwino ndinkatembenuka kuti ndikuuzeni, n'kupeza ndi Mayi Tembo. Chaka chamawa tipite awiri. Inshuwalansi ndidzayankha ndine, inu mudzakhale chete."

2009

Chaka chamawacho munachiona nokha. Amayi anu anayamba kuonda cha m'ma Isitala, ndipo pofika nyengo yotentha anali akulowa ndi kutuluka m'chipatala chomwe anagwiramo ntchito. Ndinapuma pa ntchito kumapeto kwa chaka kuti ndiziwasamala. A Terry anandigwira chanza, a Lungu analira ngati mwana. Kabuku ka maulendo ka chaka chimenecho amayi anu anali atakatenga kale ku shopu, ndipo anapinda tsamba la sitima imene anaisankha.

Masana ena ndinawapeza pa wodi atakhala pampando, anamwino awiri achitsikana akuwayalira bedi. Anali ana amene iwo anawaphunzitsa ntchito, ndipo makona anawapinda bwinobwino chifukwa ankadziwa amene akuwaonerera. Atatuluka, ndinawathandiza amayi anu kukwera pabedi. Anali opepuka kwambiri.

"Mwaona, abambo a Tadala," anatero. "Tsopano akundiyalira tsiku lililonse. Kungoti pawindo palibe mapiri."

Ndinawakonzera pilo. Anandigwira dzanja, n'kumasisita pamene chingwe chinandisiyira zikang'a.

"Ulendo unonso mutsala kugwira chingwe," anatero.

Ndinatsaladi. Nyengo yotentha ikafika ndimakwera sitima ya pamtunda kupita ku Greenwich n'kukhala pa benchi lija. Anyamata a padoko a masiku ano sandidziwa, ndipo ena amandifunsa ngati ndikudikira boti. Ndimawauza kuti ayi, ndinaperekeza munthu.